Kukhazika motorhome pamsewu: sikelo, matayala ndi mphepo ya kumpoto kwa England

Aliyense amene wayendetsapo koyamba motorhome, galimoto yokhala ndi chipinda chogona ndi khitchini, pa motorway, msewu waukulu wa magalimoto othamanga, ya ku Britain amabwerako ndi madandaulo ofanana. Galimotoyo siyenda molunjika yokha, imafuna kuiwongola mosalekeza, imapendekeka pokhota, ndipo thiraki ikamaidutsa imakankhidwira kumbali kenako n'kukokedwanso. Madandaulo amenewa ndi enieni, ndipo malonda a zipangizo zowathetsera ndi aakulu ndithu, poti munthu amene wachita mantha pamsewu sachedwa kupisa m'thumba. Ine ndimakhala kumpoto kwa England, ndipo motorhome yanga ndi yamtundu wofala kwambiri kuno, yomangidwa pa Fiat Ducato, yotalika pafupifupi mamita 7. Zimene ndaona poiyendetsa, ndiponso zimene ndamva pocheza ndi eni ake ena m'malo ogona apaulendo, zandifikitsa pa maganizo akuti ambiri amayambira kumapeto. Amagula zowonjezera pa masipiringi asanadziwe n'komwe kulemera kwa galimoto yawo, chikhalirecho sikelo ndi mpweya wa m'matayala, zimene sizidya ndalama zambiri, ndizo ziyenera kuyamba.

Pansi pa ma motorhome ambiri a ku Ulaya pali galimoto yonyamula katundu wa m'masitolo. Fiat Ducato inayamba kupangidwa mu 1981, ndipo fakitale yake yaikulu ili ku Atessa m'dziko la Italy, komwenso kumachokera Peugeot Boxer ndi Citroën Relay, magalimoto amene amasiyana nayo pang'ono chabe. Makampani omanga ma motorhome, monga Swift ya ku Cottingham pafupi ndi Hull, Auto-Trail ya ku Grimsby kapena Bailey ya ku Bristol, amagula mutu wa galimoto yotereyi pamodzi ndi chassis yake, n'kumangapo chipinda chokhala ndi bedi, khitchini, bafa, makabati ndi mathanki a madzi. Galimoto imene m'lifupi mwake inali mamita 2 ndi pang'ono imasanduka ya mamita 2.3, ndipo ikakhala ndi bedi pamwamba pa dalaivala imatalika mamita 3 kupita m'mwamba. Mawilo akutsogolo, chiwongolero ndi mabuleki zimakhala zomwe zija zimene zinapangidwira galimoto yaifupi ndi yopapatiza.

Mavuto onse a kayendedwe amaphukira pamenepa. Kulemera kwakwezedwa m'mwamba, choncho pokhota galimoto imapendekera kunja. M'mbali mwake ndi khoma lathyathyathya la mamita 7 m'litali, lomwe mphepo imaliwomba lonse nthawi imodzi. Mchira wake umapitirira mawilo akumbuyo ndi mamita 2 kapena kuposerapo, chifukwa omanga amafuna malo a bedi ndi mosungira katundu popanda kutalikitsa mtunda wa pakati pa mawilo. Pali chinanso chimene anthu sachiganizira kawirikawiri. Galimoto yamalonda imanyamuka yodzaza m'mawa n'kubwerera yopanda kanthu madzulo, koma motorhome imasenza nyumba yake usana ndi usiku, chaka chonse, ngakhale itaima pabwalo miyezi yozizira yonse. Masipiringi ndi matayala ake sapuma.

N'chifukwa chake ndimati ntchito iyambire pa sikelo. Pa motorhome iliyonse pali kachitsulo kapena kapepala komatidwa, kawirikawiri pansi pa boneti kapena pamphuthu ya chitseko, kolembedwa manambala anayi. Nambala yoyamba ndi kulemera konse kumene galimotoyo ikuloledwa kufika, yachiwiri ndi kulemera kwake pamodzi ndi ngolo ngati ikukoka, yachitatu ndi malire a axle yakutsogolo (kulemera kumene mawilo awiri akutsogolo akuloledwa kusenza), ndipo yachinayi ndi malire a axle yakumbuyo. Ngati womanga chipinda anaikapo kachitsulo kakekake, manambala a iyeyo ndiwo amagwira ntchito. Pa Ducato ya chassis yopepuka manambalawo amakhala kawirikawiri makilogalamu 3,500 kulemera konse, 1,850 kutsogolo ndi 2,000 kumbuyo. Mukaphatikiza ma axle awiriwo mupeza 3,850, kusonyeza kuti simungadzaze onse awiri mpaka pamalire, komanso kuti n'zotheka kukhala pansi pa 3,500 koma mutapyola kale malire akumbuyo. Vuto lachiwirili ndilo lofala, ndipo ndilo limawononga kayendedwe.

Nambala ya 3,500 ija ili ndi chifukwa chake. Amene anakhoza mayeso oyendetsa galimoto ku Britain lisanafike tsiku la 1 January 1997 anapatsidwa ufulu woyendetsa galimoto yolemera mpaka makilogalamu 7,500, koma amene anakhoza pambuyo pake amalekezera pa 3,500 pokhapokha atalemba mayeso ena a gulu la C1. Ambiri a ife amene tinabwera kuno titakula tili m'gulu lachiwirili. Opanga amadziwa zimenezi, choncho amayesetsa kuti motorhome yaikulu, yokhala ndi zonse zokopa ogula, ilembedwebe kuti 3,500, ndipo chimene chimafinyika ndi malo a katundu wa mwini wake. Kulemera kumene amalemba m'kabuku kamalonda kumawerengera dalaivala wa makilogalamu 75 ndi mafuta osadzaza kwenikweni, ndipo malamulo amalola kuti galimoto yeniyeni isiyane ndi nambala yolembedwayo ndi 5 peresenti. Pa galimoto ya makilogalamu 3,000 imeneyo ndi makilogalamu 150, omwe angathe kusowa musanaikemo ngakhale supuni. Kenako pamabwera zimene wogulitsa kapena mwini wake woyamba anawonjezera, monga chinsalu chamthunzi chopindika cha m'mbali, sola, batire lachiwiri ndi choikapo njinga, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene chinawerengedwa m'kabuku muja.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Masikelo a magalimoto otsegukira aliyense amapezeka m'malo ogula zitsulo zakale, m'makwale ndi m'malo ena amalonda, ndipo amalipiritsa mapaundi ochepa. Galimoto ipite monga mmene imayendera paulendo weniweni, mafuta odzaza, madzi ochuluka monga mwa nthawi zonse, gasi, chakudya, zovala, njinga, ndiponso anthu onse atakhala m'mipando yawo. Muyeze mawilo akutsogolo okha, kenako galimoto yonse, kenako mawilo akumbuyo okha, ndipo manambala a ma axle awiriwo akaphatikizidwa ayenera kuyandikira kwambiri kulemera konse. Yanga itakwera sikelo, kulemera konse kunali pansi pa malire bwinobwino, koma axle yakumbuyo inali itatsala pang'ono kufika pa 2,000 pamene yakutsogolo inali ndi mpata wambiri. Eni ake ambiri amene ndalankhula nawo anapeza chimodzimodzi. Akuluakulu a DVSA, bungwe la boma loyendera magalimoto, amaimitsa ndi kuyeza ma motorhome pamsewu, ndipo chindapusa chake chimayambira pa £100 kufika pa £300 malinga ndi mmene mwapyolera, koma kwa ine chindapusa ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi zimene kulemera kwa kumbuyo kumachita pa chiwongolero.

Amene anaonapo njinga yakapalasa itasenza matumba a makala pakaliyala, wokwerayo akulimbana ndi mahandulo chifukwa tayala lakutsogolo likungokhudza pansi pang'ono, wamvetsa kale nkhani yonse ya mchira wa motorhome. Katundu woikidwa kuseri kwa mawilo akumbuyo amatsikiza kumbuyo ndi kunyamula kutsogolo, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti mtunda wa pakati pa ma axle ndi mamita 4, zimene zili pafupi kwambiri ndi mamilimita 4,035 a Ducato yaitali, ndipo mwamangirira njinga yamoto yaing'ono pachoikapo chake mamita 2 kuseri kwa mawilo akumbuyo, zonse pamodzi zikulemera makilogalamu 150. Axle yakumbuyo silandira 150 ayi, imalandira 225, ndipo makilogalamu 75 owonjezerawo achotsedwa pa mawilo akutsogolo. Pa Ducato mawilo akutsogolo ndiwo amawongolera, ndiwo amakoka galimoto, ndiwonso amagwira ntchito yaikulu ya mabuleki. Akapepuka, chiwongolero chimamveka chopanda mphamvu m'manja, galimoto imayendayenda mumzere wake, nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa anzanu m'maso, ndipo pa kapinga wonyowa wa malo ogona mawilowo amangozungulira pamodzimodzi.

Chipinda chosungira katundu cha kumchira, chimene ogulitsa amachitama kwambiri, chimanyenga anthu mwa njira yomweyi. Poti ndi chachikulu, munthu amaponyamo chilichonse cholemera, mabotolo a madzi akumwa, bokosi la zitsulo, jenereta, mipando ndi matebulo. Ine ndimasunga kumeneko zinthu zazikulu koma zopepuka, ndipo zolemera ndimaziika pansi m'makabati a pakati pa mawilo, makamaka pansi pa mipando yoyandikira kutsogolo. M'makabati a m'mwamba mumapita zovala ndi zofunda basi, osati zakudya za m'zitini kapena mabuku. Padenga sindiikapo kanthu kupatula zimene zinamangidwapo kale. Madzi nawo afunika kuwaganizira, chifukwa lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 yodzaza ikufanana ndi munthu wamkulu wonenepa amene wakhala pamene pali thankiyo. Ikakhala pansi ndi pakati pa mawilo sivuta kwenikweni, koma ikakhala kumchira ndi bwino kuyenda ndi madzi ochepa okwanira panjira n'kukadzaza pofika. Thanki yofika theka ili ndi khalidwe lakelake, poti madzi amakhavukira mbali imodzi pokhota ndi pogwira mabuleki, ndipo amafika mochedwa, galimoto itayamba kale kubwerera. Thanki ya madzi akuda ndiye palibe chifukwa choyendera nayo yodzaza.

Manambala a pa sikelo aja ndiwo amatsegula nkhani ya matayala, ndipo apa ndi pamene ndaona kusintha kwakukulu koposa kwina kulikonse. Ducato yopepuka imavala kawirikawiri matayala a 215/70 R15, okhala ndi nambala ya mphamvu 109, kutanthauza makilogalamu 1,030 pa tayala limodzi. Awiri akumbuyo amasenza 2,060, pamene malire a axle ndi 2,000, ndiye kuti mpata wotsala ndi makilogalamu 60 okha. Mpata umenewu ndi wa papepala, chifukwa motorhome silemera mofanana mbali zonse. Mbali imene kuli firiji, khitchini ndi masilinda a gasi imalemera kuposa inzake, kotero kuti tayala limodzi lingathe kupyola mphamvu yake axle yonse ikadali m'malire. Ndiponso makilogalamu 1,030 aja tayala limawakwanitsa likakhala ndi mpweya wokwanira. Mpweya ukachepa, mphamvu imachepanso, khoma la tayala limapindikapindika poyenda, limatentha, ndipo mapeto ake ndi kuphulika. Kuphulikako kusanafike, dalaivala amamva mchira ukugwedezeka uku ndi uku, makamaka thiraki ikadutsa, chifukwa galimoto ikusuntha pamwamba pa makoma ofewa a matayala ake.

Pa chifukwa chimenechi pali matayala opangidwira ma motorhome, olembedwa zilembo CP, monga Michelin Agilis Camping ndi Continental VancoCamper, omwe anapangidwa kuti apirire katundu wosatsika ndiponso kuima malo amodzi nthawi yaitali. Kumbuyo amapopedwa mpaka bar 5.5, kapena kuti psi 80, mpweya umene ndi woposa kawiri wa galimoto yaing'ono. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri n'chakuti anthu amapopa matayala onse anayi pa 80, poganiza kuti kulimba ndiko kukhazikika. Kutsogolo, kumene kulemera kuli kochepa, tayala lolimba chotero limakhudza msewu ndi kachigawo kakang'ono ka pakati, galimoto imadumphadumpha pa mabampu, mbale zimalira m'makabati, ndipo chiwongolero chimatsatira mzere uliwonse wa phula. Njira yolondola ndi kutenga manambala a ma axle a pa sikelo, pamodzi ndi saizi ndi mtundu wa tayala, n'kufunsa kampani yopanga tayalalo mpweya woyenera, ndipo yankho lake nthawi zambiri limakhala lakuti kutsogolo kukhale kofewerapo kuposa kumbuyo. Mpweya uyezedwe matayala asanatenthe, galimoto isanayende. Mapampu ambiri a pamalo omwetsera mafuta amavutika kufika pa 80, choncho ndi bwino kukhala ndi pampu ndi choyezera chanuchanu, ndipo mavalavu akhale achitsulo kapena opangidwira mpweya wochuluka, osati a labala wamba.

Zaka za tayala n'zofunika kuposa mapanda ake. Motorhome imayenda mitunda yochepa pachaka, kotero mapanda amakhala akadali akuya, kutali ndi malire a lamulo a mamilimita 1.6, pamene labala wauma kale ndi dzuwa ndi kuima. Pakhoma la tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Malangizo ofala ndi osintha matayala a motorhome pakati pa zaka 5 ndi 7 ngakhale akuoneka atsopano, ndipo ine ndimagwirizana nawo, makamaka pogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, imene wogulitsa amakuonetsani mapanda monyadira koma osatchula za manambala anayi aja.

Katundu akakhala m'malo mwake ndipo matayala ali bwino, ndiye nthawi yoyang'ana pansi pa galimoto yafika, ndipo choyamba ndi kukonza zimene zatha, osati kuwonjezera zatsopano. Ma shock absorber otopa amachititsa kuti galimoto ipitirize kuvinavina ikadutsa pa bampu, m'malo mokhazikika ikangotsika kamodzi, ndipo pokhota imagwera mbali mwadzidzidzi. Amatha pang'onopang'ono, mwini wake n'kuzolowera osazindikira, ndipo posintha asinthidwe awiriawiri pa axle imodzi. Timalabala ta m'mikono ya mawilo akutsogolo tikatha, kapena mawilo akasiya kuyang'ana molunjika chifukwa chogunda maenje ndi m'mphepete mwa msewu, galimoto imayendayenda ngakhale kulibe mphepo. Pa MOT, mayeso a pachaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, amaona ngati zitsulo zakhwepa, koma sayesa ngati mawilo akuyang'ana molunjika, choncho kukhoza MOT sikutsimikizira kuti mbali imeneyi ili bwino. Makaniko wodziwa magalimoto amalonda amazipeza zimenezi mu ola limodzi.

Pambuyo pa zonsezi ndi pamene matumba a mpweya a kumbuyo amakhala ndi tanthauzo, ndipo sindikuwanyoza, chifukwa pagalimoto yanga alipo ndipo amathandiza. Kumbuyo kwa Ducato wamba kuli masipiringi a zitsulo zazitali zathyathyathya, ndipo pamwamba pa axle pali labala wonenepa amene amathandizira katundu akachuluka. Pa motorhome labala ameneyu amakhala atakhudza kale kapena atatsala pang'ono nthawi zonse, choncho masipiringi alibe mpata wokwanira wogwirira ntchito. Makampani monga Dunlop, VB-Airsuspension ya ku Netherlands ndi Goldschmitt ya ku Germany amapanga matumba a mpweya olowa m'malo mwa labala ameneyu. Mchira umakwera n'kubwerera pamlingo wake, kupendekeka kumachepa, ndipo kukankha kwa mathiraki kumamveka kofewerapo. Pali mfundo imodzi yofunika kufunsa woika: thumba lililonse likhale ndi paipi yakeyake. Matumba awiriwo akalumikizidwa pa paipi imodzi, pokhota mpweya umathawa m'thumba lopanikizidwa kupita m'linzake, ndipo galimoto imapendekeka monga kale. Akakhala osiyana mungathenso kuwonjezera mpweya pang'ono mbali yolemera kuti galimoto iime mowongoka. Kupopa mopyola muyeso nakonso kumaumitsa kumbuyo ndi kukweza galimoto m'mwamba kuposa mmene iyenera kukhalira.

Chimene matumbawa sachita ndi kusintha nambala ya pa kachitsulo kaja. Axle ya makilogalamu 2,000 imakhalabe ya 2,000, matayala akusenzabe katundu yemwe uja, ndipo makilogalamu amene anachoka kutsogolo sabwerera chifukwa choti mchira wakwera. Kuopsa kwake n'kwakuti galimoto yolemera mopyola imaoneka yowongoka bwino, chizindikiro chimene chikanachenjeza mwini wake n'kubisika. Amene akufunadi malire okwera ayenera kudzera kwa akatswiri ovomerezeka monga SvTech ya ku Lancashire, amene amaona chassis, matayala ndi masipiringi, n'kupereka kachitsulo katsopano, ndipo nthawi zina amafuna kuti matayala asinthidwe kukhala amphamvu yoposa 109. Kenako DVLA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, idziwitsidwe, a inshuwalansi adziwitsidwe, ndipo kulemera konse kukapyola 3,500 laisensi ya C1 ikhalepo. A inshuwalansi ayenera kuuzidwa ngakhale za matumba a mpweya okha.

Ma motorhome ena samangidwa pa chassis ya Fiat yonse. Kampani ya AL-KO ya ku Germany imapanga chassis yakeyake yolumikizidwa kuseri kwa mutu wa Ducato, yotsika pansi, yokhala ndi mawilo akumbuyo otalikirana, ndipo m'malo mwa masipiringi athyathyathya imagwiritsa ntchito ndodo zachitsulo zopotoka zobisika mkati mwa axle. Magalimoto otere amakhazikika bwino kuyambira pachiyambi, ndipo amene sanagule ayenera kuiganizira mfundoyi, pamodzi ndi kutalika kwa mchira poyerekeza ndi mtunda wa pakati pa mawilo. Axle zambiri za AL-KO zimafuna girisi nthawi ndi nthawi, ndipo girisiyo amathiridwa galimoto itanyamulidwa, mawilo akulendewera. Zipangizo zake za mpweya n'zosiyana ndi za chassis ya Fiat, ndipo n'zokwera mtengo.

Malangizo ambiri a pa intaneti pankhaniyi amachokera ku America, ndipo wowerenga wa kuno asamale nawo. Motorhome yaikulu ya kumeneko, yomangidwa pa chassis ya Ford F-53, imalemera matani 7 mpaka kupitirira 11, imakokedwa ndi mawilo akumbuyo omwe ndi awiriawiri mbali iliyonse, ndipo kutsogolo kwake kuli axle yachitsulo chimodzi yokhala pa masipiringi athyathyathya. Eni ake amaika track bar yoletsa thupi kusuntha cham'mbali pamwamba pa axle, ma anti-roll bar onenepa ochepetsa kupendekeka, ndi chipangizo chobwezera chiwongolero pakati, ndipo pa magalimoto amenewo zinthuzi zili ndi ntchito yake. Ducato inapangidwa mosiyana kotheratu kutsogolo, choncho zambiri mwa izo sizikwanirapo n'komwe. Chimene chimagwira ntchito mbali zonse za nyanja ndi sikelo ndi mpweya.

Zamagetsi zimathandiza pamlingo wake. Magalimoto ambiri opangidwa kuyambira 2014 ali ndi ESC, imene imagwira buleki ya wilo limodzi ikazindikira kuti galimoto yayamba kutembenuka mosiyana ndi kumene chiwongolero chaloza, ndipo Mercedes-Benz inaika pa Sprinter mu 2013 chipangizo chochita zofananazo mphepo ikawomba cham'mbali. Zonsezi zimadalira kuti tayala likugwira msewu, ndipo tayala louma, lopanda mpweya kapena lopepukidwa siliwapatsa chogwirira ntchito.

Chotsala ndi mphepo, imene palibe chipangizo chimaichotsa. Mphamvu ya mphepo pakhoma simakula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, kotero mphepo ya mamailosi 40 pa ola imakankha kanayi kuposa ya 20. Mphepo yowomba mosalekeza sivuta kwambiri, chifukwa manja amaizolowera n'kupendeketsa chiwongolero pang'ono. Yoopsa ndi yodzidzimutsa, imene imakupezani potuluka pamalo otchingidwa ndi mitengo kapena chitunda, pokwera mlatho, kapena pamene mwangomaliza kupitirira thiraki imene inali kukutchingirani. Apa liwiro la galimoto ndilo limasankha mmene zithere. Pa mamailosi 70 pa ola galimoto imayenda mamita 31 pa sekondi imodzi, pa 55 imayenda pafupifupi 25, ndipo kusiyana kumeneko ndi mpata umene manja ali nawo kuti abweze galimoto isanaponde mzere. Lamulo limalola motorhome yosapyola matani 3.05 ikakhala yopanda katundu kuyenda mofanana ndi galimoto yaing'ono, 60 pamsewu wa mbali ziwiri wosagawidwa ndi 70 pa msewu wogawidwa pakati ndi pa motorway, pamene yolemera kuposa pamenepo imalekezera pa 50, 60 ndi 70. Manambala amenewa ndi malire a lamulo, ndipo sindinaonepo motorhome yokhala ndi bedi pamwamba pa dalaivala imene imasangalatsa kuyendetsa pa 70.

Mathiraki a kuno, omwe amafika matani 44, ali ndi chipangizo choletsa kupyola mamailosi 56 pa ola, ndipo mabasi akuluakulu amalekezera pa 62. Izi zimapereka njira ziwiri zomveka. Mungathe kuyenda pa liwiro la mathirakiwo, mutasiya mpata wokwanira kumbuyo kwa imodzi kuti musalowe mu mphepo yake yovunduka, kapena kuyenda pang'ono kupitirira 60 kuti muziwapitirira inuyo mwachangu. Choipa koposa ndi kuyenda pa 52 kapena 53, chifukwa pamenepo thiraki iliyonse ya pamsewu idzakudutsani, ndipo idzachedwa pambali panu. Ikamabwera kumanja kwanu, mpweya umene mutu wake ukukankha umayamba kugunda mchira wa motorhome n'kuukankhira kumanzere, mphuno n'kuloza pang'ono kumanja, kumene kuli thirakiyo. Mutu wa thiraki ukafika pafupi ndi dalaivala, kukankhako kumasamukira kutsogolo ndipo mphuno imapita kumanzere, kenako thiraki ikamamaliza kudutsa mumamva kukokedwa kubwerera kumanja. Mchira ukatalika, zonsezi zimakula. Amene amayang'ana galasi lakumanja pafupipafupi amaiona thirakiyo ikubwera, amasunthira pang'ono kumanzere mumzere wake, amagwira chiwongolero ndi manja onse awiri mosaumitsa, ndipo sachotsa phazi pa moto mwadzidzidzi kapena kuponda buleki. Kubweza chiwongolero mwamphamvu ndiko kumayambitsa kugwedezeka kumene kumakula ulendo uliwonse. Pa roundabout ndi pokhota ponse, liwiro lichepetsedwe galimoto ikadali yolunjika, ndipo potsika mapiri giya yotsika igwire ntchito kuti mabuleki asatenthe.

Misewu ina ya kuno imadziwika ndi mphepo, ndipo ndi bwino kuidziwa musananyamuke. M62, pakati pa Manchester ndi Leeds, imakwera mpaka mamita 372 pafupi ndi junction 22, pamalo okwera koposa pa motorway iliyonse ya ku England, ndipo palibe mtengo wotchinga. M6 pa Shap ndi chimodzimodzi. A66, yochokera ku Scotch Corner kupita ku Penrith kudzera pa Stainmore, imatsekedwa kawirikawiri kwa magalimoto a makoma aatali mphepo ikakula. Pa milatho, zaka zimene unamangidwa zimanena zambiri. Severn Bridge ya pa M48, yotsegulidwa mu 1966, ilibe zotchinga mphepo ndipo imatsekedwa pafupipafupi, pamene mlatho wa pa M4, wotsegulidwa mu 1996 ndipo tsopano umatchedwa Prince of Wales Bridge, uli nazo. Ku Scotland, Queensferry Crossing ya 2017 inamangidwa ndi zotchinga mphepo chifukwa cha zimene zinkachitika pa Forth Road Bridge ya 1964. Amene amawoloka kupita ku France amakumana ndi mphepo ya mistral m'chigwa cha Rhône pa A7, ndi ya tramontane pa A9 cha ku Narbonne ndi Perpignan, zomwe zimatha kuwomba masiku angapo kumwamba kulibe mtambo.

Chikwangwani chikanena za magalimoto a makoma aatali, eni ma motorhome ena amaganiza kuti chikunena mathiraki okha. Kunena zoona, thiraki yodzaza ili ndi matani ambiri oigwirizira pansi, pamene motorhome ili ndi khoma lalikulu pa matani atatu ndi theka okha, choncho chenjezolo likutikhudza ife kwambiri. Met Office, nthambi yoona za nyengo, ikatulutsa chenjezo la mphepo ndipo ndiyenera kudutsa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndimasiya A66 n'kukwera mpaka ku Newcastle kuti ndidzere A69, imene imatsata chigwa cha Tyne kulowera ku Carlisle ndipo siikwera pamwamba ngati inzake ija. Ndi njira yozungulira ndipo imadya dizilo wochuluka. Chenjezo likakhala lokulirapo, la mtundu wa amber, ndimalipira usiku wina pamalo pomwe ndili, ndimapinda chinsalu chamthunzi, ndimatseka mawindo a padenga, n'kuimika galimoto mphuno italoza kumene mphepo ikuchokera.